Singano Pachifuwa cha Chidole

Kanyumba ka zidole kaja kanabwera ndi mchemwali wanga amene amachapa zovala pa loji ina ku Senga Bay. Alendo anakasiya, abwana ake n'kumuuza kuti akapatse mwana. Kanali kamatabwa, kokhala ndi timipando tonga mabokosi a machesi. Mwana wanga wamkazi anasuzumiramo n'kufunsa kuti, "Amayi, nanga eni nyumba ali kuti?"

Ndiye ndinayamba kusoka eni nyumbawo. Ndinkapinda waya wofewa, kumukulunga ndi thonje, n'kusokerera nsalu pamwamba, kuti chidole chizitha kupinda mawondo n'kukhala pampando. Tizidutswa ta nsalu ndinkatola kwa telala ku Lifuwu, osafunsa kuti n'ta yani.

Tsiku lina ndikusoka chidole chachikazi, mvula inayamba kuwaza usipa uli pathandala. Ndinabaya singano pachifuwa cha chidolecho kuti isasowe, n'kuthamanga kukaanula.

Pobwerera ndinapeza anthu pakhonde panga. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe anali atagona milungu itatu ndi chifuwa, ndipo amayi ake, amene ankamudwazika, anali atabwera kudzapempha mchere. Amayiwo anali atanyamula chidolecho ndi timitengo tiwiri ngati chinkhanira.

"Amayi a mpingo inu, ichi n'chiyani? Nsalu ya diresi la mwana wanga, singano pamtima!"

Nsaluyo inalidi yomweyo. Amuna anga anali ku Mbenji kokapha nsomba, wondiyankhulira panalibe. Ndinaona bambo wina akuwerama n'kutola chibenthu cha njerwa. Mwana wanga anandigwira chitenje. Mumtima ndinangoti, Yesu, musandisiye pano.

Ndinatenga lumo n'kutumbula chidolecho onse akuona. Munatuluka thonje ndi waya basi.

"Tsitsi lake mwabisa kuti?" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Pamenepo tinamva kutsokomola. Wodwala uja anali atatuluka, atatsamira mpanda.

"Amayi, mukundichititsa manyazi," anatero movutikira. "Nsalu imeneyi telala uja wasokera theka la Lifuwu. Akazi a abusa ali nayo, ogulitsa zitumbuwa aja ali nayo. Onsewo akutsokomola?"

Wina anaseka. Njerwa ija ndinaimva ikugwa pamchenga. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, koma amayi aja anapita osatenga mchere.

Mantha sanathere pomwepo ayi. Ndinkadziwa kuti mnzangayo akangomwalira, anthu akumbukira singano ija. M'mawa uliwonse ndinkatchera khutu kumpanda, ndikamva kutsokomola n'kumathokoza kuti akadali moyo. Ndinkamuphikira phala, koma osalimba mtima kukapereka, kuopa kuti anena kuti ndathiramo kanthu. Ndinamupempherera kwambiri, ngakhale Mulungu akudziwa kuti theka la pempherolo linali lodzipempherera ndekha.

Anachira mankhwala akuchipatala atamuyanja. Tsiku limene anayamba kupita kunyanja kukatsuka mbale, anadutsira kwathu n'kundiponyera kansalu.

"Mundisokenso, amnzanga. Koma mundinenepetseko, ndawonda."

Ndinamusoka, Mulungu alemekezeke, ndipo mpaka lero amakhala pakampando m'kanyumba kaja. Singano yokha ndimaibaya pa duku langa.