Kamagetsi Kanga ka Masaya Ofiira

Fungo la fodya wamuwisi limandibwezera ku dzinja lomwe ndinali mu Sitandade 2, kumudzi kwathu kuseri kwa Nsaru. Ndi fungo lowawa, lomata, lokakamira m'manja ngakhale usambe ndi sopo kangati. Chaka chimenecho, bambo atamwalira, mayi anga anapita m'tauni ku Lilongwe kukagwira ntchito yapakhomo. Ine anandisiya kwa akulu awo, omwe ndinkawatcha amayi aakulu, ndipo munda wathu wa m'mbali mwa dambo anawabwereka kuti azilima mpaka iwo adzabwerere. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pakhomo paja mwambiwo unkangothera pakamwa.

Pa Khirisimasi mayi anabwera kudzandiona, atanyamula shuga, sopo ndi kachidole komwe ana a abwana awo anali atatopa nako. Kanali kachikasu, kofewa ngati kamwana ka bakha, makutu ataliatali akuda kunsonga, mchira wokhotakhota, ndi masaya awiri ofiira psuu. Ukakadina pamimba, masayawo ankayaka ndipo kankaseka ndi kamawu kosangalala. M'mudzi monse munalibe magetsi, ndiye ana anangokatcha Kamagetsi. Tsiku lobwerera, mayi anandigwadira pamsewu akudikira matola. "Ukandisowa uzikadina apa," anatero. "Kakaseka, udziwe kuti ndakumva."

Eee, ndinali munthu mwezi umenewo! Ana omwe kale sankandiitana ku phada ankabwera ndi mango kuti adineko kamodzi. Ndinkakabereka kumbuyo ndi kansalu kakale, kupita nako kudambo, kumjigo, ngakhale kuchigafa komwe tinkasoka fodya kuyambira m'mawa, zala zitada bii ndi phula. Madalitso, mwana wa amayi aakulu, yemwe ankandiposa msinkhu, ndiye anatiuza kumene kanachokera. Anali atakaona pa foni ya mwana wa mwini golosale ina pa Nsaru, m'masewera otolera tizilombo n'kumatimenyanitsa. Anati kameneka kakakwiya kamaitana mphenzi kumwamba kuti imenye adani ake. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Kenaka anati ndimupatse, poti iye ndiye amakadziwa. Ndinam'kaniza, ndipo ngakhale lero ndikanam'kanizabe.

Kwathu mvula ya mabingu inali ndi malamulo ake. Kumwamba kukangoti gululu, amayi aakulu ankathamanga kuphimba galasi, kuzimitsa wailesi ndi kubisa chilichonse chofiira, poti mphenzi imakonda zofiira. Mwana wovala malaya ofiira ankamuvula pomwepo, achite manyazi asachite. Ine ndinkalowetsa Kamagetsi m'deresi, masaya ake atatsamira pachifuwa panga, kuti mphenzi isakaone. Ndinkakaopera kuposa mmene ndinkadziopera ndekha.

Tsiku lina masana, mu Febuluwale, tikusoka fodya, kunada mwadzidzidzi kuchokera cha ku Kabudula. Chigafa chathu chinali pachitunda, pafupi ndi mtengo wa bulugamu wautali kuposa yonse m'mudzimo. Tinathawira kunyumba madontho oyamba akugwa. Titangolowa, kunawala kuti ng'anii, ndipo phokoso lake linandigwetsa chagada. Titasuzumira, bulugamu uja anali atang'ambika pakati, denga la udzu la chigafa likuyaka mvula ikugwa. Fodya wa chaka chonse anapsa tikuona. Bambo aakulu, amuna awo a amayi aakulu, anangokhala pansi m'matope atagwira mutu. Ndinawamvera chisoni kwambiri, poti fodyayo nanenso ndinamusoka.

M'mawa mwake, anthu atabwera kudzapepesa, Madalitso anayankhula. Anati ine ndinali nako kachinthu kaja m'chigafa, ndipo anaona masaya ake akuyaka mvula isanabwere. Anabwerezanso za masewera a pafoni aja, koma ulendo uno sanatchule kuti ndi masewera. Amayi aakulu anaomba m'manja kamodzi. "Ndinadziwa ine! Mng'ono wanga watitumizira chinthu chake kuchokera m'tauni kuti atimalize. Chifukwa cha kamunda kaja, eti? Iwe, bwera nacho kuno!"

Anakamasula kumbuyo kwanga ngati akulanda mwana. Bambo aakulu anakang'amba pamimba ndi mpeni, kufunafuna mankhwala. Munatuluka thonje loyera, kenaka kabokosi kakuda kokhala ndi timawaya ndi timabatire. Pa anthu onse aja panalibe yemwe sankadziwa batire, poti ambiri anali ndi mawailesi ndi matochi kunyumba. Koma amayi ena omwe ana awo ankabwera ndi mango ndiwo anayamba kulavula malovu.

Anasonkha moto ndi udzu wotsala pachigafa, n'kuthira parafini. Amayi aakulu anati mwini wake aponye yekha, kuti tsoka libwerere kumene lachokera. Anandibwezera Kamagetsi m'manja, thonje ndi kabokosi kaja zikulendewera pa timawaya. Ndinkafuna mayi anga, ndiye ndinachita zomwe anandiuza: ndinadina. Masaya anayaka, ndipo kanaseka, kuseka kwake kwa masiku onse, pamaso pa mudzi wonse.

"Mayo ine! Kakutiseka!" anakuwa mayi wina akubwerera m'mbuyo.

Khofi lomwe ndinalandira kwa amayi aakulu linanditseka khutu mpaka madzulo. Anandigwira mkono, kundikokera pamoto, mpaka ndinataya. Ubweya wachikasu unapsa msangamsanga, fungo lake ngati la jumbo. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinayang'ana kumwamba, kudikira. Madalitso anali atanena kuti kakakwiya kamamenya adani ake, ndipo adani ake onse anali pomwepo, ataima mozungulira. Ndinapempha ndi mtima wanga wonse kuti mphenzi itsike. Kumwamba kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe.

Dzinja lotsalalo ndinali Namphenzi. Kusukulu mabingu akayamba, anzanga ankathawa pomwe ndakhala n'kukaunjikana kungodya ina. Mvula ikatipeza panjira, palibe ankalola kuusa nane pansi pa mtengo umodzi. Kunyumba anandipatula mbale, ndipo kukagunda ankanditulutsa kuti ndikakhale ndekha kukhitchini, kutali ndi ana awo. Ndinkakhala pamafuwa ozizira, madzi akudontha kudenga, manja ali pachifuwa pomwe panalibenso kanthu. Ndinkawada onse, koma chomwe chinkandipweteka kwambiri n'chakuti Kamagetsi sikanadziteteze.

Uthenga unawapeza mayi mochedwa. Anafika chimanga chitayamba kuuma. Palibe anawayalira mphasa, palibe anawalonjera. Amayi aakulu anaima pakhomo, manja m'chiuno, kuwauza kuti mfiti ilibe malo m'mudzi muno, ndipo anthu anali atadzaza kumbali kumvetsera. Mayi anakulunga zovala zanga m'chitenje, kundigwira dzanja, ulendo. Njira yopita kumsewu inkadutsa m'mbali mwa munda wathu, koma iwo anayang'ana kutsogolo kokha. Tili pafupi kufika pa Nsaru ndi pomwe anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinkawasowa.

"Ndinadina, amayi," ndinatero. "Kanaseka. Koma simunabwere."

Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, chitenje kumaso, anthu a njinga akutilambalala. Aka kanali koyamba kuwaona akulira chiikireni maliro a bambo.

Lero mwana wanga amasewera masewera omwewo pa foni yanga, ndipo kachilombo kachikasu kaja kakaseka ndimapeza chochita panja. Ndili mwana ndinkakhulupirira zomwe mudzi unanena, kuti kanalidi ndi mphenzi, kungoti kanandikana pa tsiku lomwe ndinkakafuna. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti pa anthu onse oima pamoto paja, ndine ndekha mwina ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Mayi anamwalira m'nyumba ya lendi m'tauni, osapondanso kwawo. Nditapita kumudzi ndili wamkulu, ndinapeza Madalitso akulima fodya m'munda wathu uja. Chigafa chatsopano anachimanga kumunsi, pamalo otsika, kutali ndi mtengo uliwonse wautali.