Khadi limene agogo anagulira mnzawo

Agogo anga aamuna sankanunkha fodya ngati nkhalamba zina. Ndikawakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo lowawa la mankhwala a kudibi, lija losachoka m'malaya ngakhale uwachape kumtsinje, litasakanikirana ndi utsi wa ndowe zouma zimene tinkafukiza m'khola madzulo kuti udzudzu wa ku Kaporo usamalize ng'ombe. Anali a Mwalwimba, ndipo ntchito yawo inali yosambitsa ng'ombe za dera lonse. Ndinakulira pakhomo pawo, ndipo tsiku ladibi ndinkadzutsidwa ndi mluzu wa anyamata oweta, phokoso la ng'ombe zikudumphira m'madzi, ndi mawu a agogo akukalipira aliyense amene wasiya thole kunyumba.

Kutchalitchi sankapondako. Akuluakulu a mpingo akabwera kudzawanyengerera, iwo ankawapatsa mpando ndi chambiko, n'kuwauza mofatsa kuti, "Nkhupakupa siimva pemphero." Alendowo ankamwa chambikocho n'kumapita.

Kuseri kwa nthochi zathu kunkakhala a Mwakibinga, mlimi wa mpunga, munthu wolankhula motsitsa yemwe sankasiyana ndi Baibulo lake lokutidwa ndi nsalu. Mwana wawo Tumpale anali mnzanga wapamtima. Tinkaingitsa limodzi mbalame m'munda wa mpunga mpaka mawu kusasa, tinkalukana tsitsi moipa, ndipo tinali titagwirizana kale kuti tidzakwatiwa m'mudzi umodzi. Akuluakulu awiriwo nawonso anali ndi masewera awo, omwe anali mkangano. Masana alionse ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyambiranso pamene analekezera dzulo.

"Chaka chija ng'ombe zinkangogwa, mudzi wonse munapemphera," ankatero agogo. "Zinaleka liti kufa? Dibi litamangidwa."

"Nanga amayi a kunyumba kwanu atatisiya, dibi linabwera kudzakhala nanu pakhonde?"

"Munabwera ndinu."

"Ndiye anandituma ndani?"

"Miyendo yanu, a Mwakibinga."

Akatero ankaseka mpaka kutsokomola. Palibe amene ankagonja, ndipo ndikuganiza kuti wina akanagonja, winayo akanadwala.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo khadi lake linkafunidwa pamsika, pokwerera basi, ngakhale pakhomo la dibi. Mpingo wa a Mwakibinga unkaphunzitsa kuti Mkhristu asagule khadilo. Achinyamata a chipani anayamba kubweza ng'ombe zawo kudibi, kenako Tumpale anabwezedwa kusukulu. Tinkamva kuti m'midzi ina nyumba za anthu a mpingo wawo zikuotchedwa. Pansi pa mango paja kuseka kunatha.

"Ndi pepala chabe," anatero agogo tsiku lina. "Ine ndili nalo. Kodi ndamera mchira?"

"Likanakhala pepala chabe sakanaotchera anthu nyumba," anayankha a Mwakibinga. "Akufuna ndivomereze chimene mtima wanga ukukana. Kyala akundiona."

Kyala ndiye Mulungu m'Chinkhonde, ndipo agogo akamva dzinali ankangopukusa mutu. Madzulo ake, tikufukiza utsi m'khola, ndinawafunsa ngati Tumpale achoke. Ndinkalira, ndipo sindinanamizire utsi.

"Sachoka," anatero. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndaganiza kale."

Anali ataganizadi, ndipo nzeru yake inkaoneka yosabooka. Anapita kwa tcheyamani wa chipani m'dera lathu n'kugula khadi m'dzina la a Mwakibinga, n'kunena kuti mnzawo wawatuma chifukwa akuchita manyazi ndi a mpingo wake. Khadilo analibisa m'chitini cha misomali. M'maganizo mwawo, a Mwakibinga sakanadziwa, Mulungu wawo sakanawaimba mlandu pa chinthu chimene sanachite, ndipo achinyamata aja akanamangodutsa. Anaiwala chinthu chimodzi chokha, kuti tcheyamani ndi munthu wokonda kutamandidwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Patangopita masiku ochepa, tikuwathandiza a Mwakibinga kupuntha mpunga pabwalo, tinamva nyimbo zikubwera. Anali tcheyamani, achinyamata ake ndi amayi ovina, atabwera kudzayamikira munthu amene watsegula maso. Tcheyamaniyo analankhula Chichewa chake cha pamsonkhano, mokweza kuti a m'nyumba zoyandikana amve.

"Bambo Mwakibinga agula khadi. Anzawo onse atengerepo chitsanzo."

A Mwakibinga anaika ndodo yopunthira pansi. Agogo, omwe anali atathamangira pomwepo, anatsokomola, anawatsinzinira diso, anachita chilichonse chimene nkhalamba ingachite popanda kulankhula. A Mwakibinga anawaona, ndipo ndikhulupirira kuti anamvetsa zonse nthawi yomweyo.

"Pepani, a tcheyamani," anatero. "Ine sindinagule khadi, ndipo sindinatume munthu."

Nyimbo inazima. Tcheyamani, atachita manyazi pamaso pa amayi ake ovina, anaponda mulu wa mpunga n'kunena kuti abweranso, ndipo sabwera ndi nyimbo. A Mwakibinga sanatchule dzina la agogo, ngakhale anafunsidwa kuti wabodza ndani, iwo kapena amene anakagula khadiyo.

M'mawa mwake banja lonse la a Mwakibinga linanyamuka kulowera kumtsinje wa Songwe kuti liwolokere ku Tanzania. Agogo anamanga mitolo yawo panjinga n'kumaikankha, ine ndi Tumpale tikuyenda kumbuyo titagwirana manja.

"Mukanangokhala chete," anatero agogo kwa a Mwakibinga titayenda mtunda wautali.

"Mukanangondifunsa."

"Mukanakana."

"Ndikanakanadi," anavomereza a Mwakibinga. Anaima n'kuwagwira agogo paphewa. "Musadzizunze, a Mwalwimba. Munandithandiza mmene mumadziwira. Ndagha."

Limeneli ndi liwu lathu lothokozera, ndipo agogo sanathe kulilandira. Anangoyang'ana tayala la njinga n'kunena kuti ng'ombe zimene asiyazo azizisambitsa. Ine anandibweza pamphambano chifukwa kumtsinje kunali kutali. Tumpale anandiuza kuti abwera mpunga wina ukacha, ndipo ndinamukhulupirira.

Sanabwere. Nyumba yawo inaotchedwa sabata lomwelo muli mphasa zokha. Ena ankati banjalo lili ku Tanzania, ena ankati linapitirira ku Zambia. Agogo anasambitsa ng'ombe zija mpaka zinakalamba, ndipo sanagulitsepo ngakhale imodzi.

Nditakula n'kukhala namwino, ndinawafunsa agogo, ali okalamba kwambiri, kuti pamapeto pake chimene chimathandiza anthu n'chiti, kuganiza kapena kupemphera. Ndinkayembekeza za nkhupakupa zija.

"Kuganiza kwanga kunamuthamangitsa," anatero. "Kupemphera kwake nakonso kunamuthamangitsa. Funso limenelo ndinali ndi munthu wolikangana naye, mdzukulu wanga. Ndekha sindilitha."

Inenso sindinalithe. M'kati mwa sabata ndimabaya ana katemera, Lamulungu ndimaimba kwaya, ndipo sindifunsa kuti mwa ziwirizi chikundisunga n'chiti. Ndimawasowa agogo, ndimawasowa a Mwakibinga, koma amene amandipweteka mumtima ndi Tumpale, yemwe palibe anamufunsa maganizo ake. Ndikawoloka Songwe kukagula nsalu, ndimayang'anitsitsa amayi a msinkhu wanga mpaka ena amakwiya. Ndikafunsa za Tumpale mwana wa a Mwakibinga wa ku Kaporo, amandiuza kuti a Tumpale kuno ndi ambiri, mayi. Ndimathokoza, n'kukafunsa pabenchi lotsatira.