Machubu a Overton pa Chitimba

Overton Mhango ankamata matayala m'mphepete mwa msewu wa M1 pa Chitimba mpaka msana unayamba kumuvuta. Atasiya ntchitoyo anatsala ndi mulu wa machubu akale. Nzeru inachokera kwa mkazi wake, Mabel.

"Ana asukulu aja akatsika phiri kuchokera ku Khondowe Loweruka amangoima m'nyanjamu m'madzi olekeza m'mawondo. Bwanji osamawabwereketsa machubuwa?"

Kuyambira pamenepo Overton anakhala munthu wa pamchenga. M'mawa ankapopa machubu n'kuwakoloweka mumtengo wa mango, wezulo ili m'khosi yoimbira aliyense wopita kwakuya. Ntchitoyi inamukomera kuposa ya matayala.

Chaka china mvula yoyamba itagwa, kamtsinje kothira m'nyanja pafupi ndi malo akewo kanabwera ndi majumbo, mabotolo ndi matewera a ana ogwiritsa ntchito kamodzi aja. Madzi anada, fungo lili guu. Loweruka lotsatira mtsikana wina wa ku yunivesite, dzina lake Lois, anamuuza kuti anzake awiri anatsegula m'mimba atasambira.

"Mwina ndi chakudya, adada," anatero pomutonthoza.

"Ayi amama, madziwa ndikuwaona ndi maso angawa."

Tsiku lomwelo anaphwetsa machubu onse. Alendo otsika minibasi ankawachenjeza kuti asalowe m'madzi, ena n'kumukalipira kuti nyanja si yake.

Atalondola kamtsinjeko anapeza kuti zinyalalazo zimatayidwa kuseri kwa msika. Amayi ogulitsa pamenepo sanakane. "Nanga titaye kuti? Tikasiya kunyumba agalu amamwaza pabwalo." Overton anabwereka khasu ndi fosholo n'kuyamba kukumba dzenje kutali ndi madzi. Msana unamugwira dzenjelo lisanafike m'chiuno, ndipo asodzi awiri amene ankamuseka poyamba ndiwo anamalizitsa. Lois anabwera ndi anzake a kwaya, masaka ali m'manja, natola zonse zinali pamchenga.

Sikuti vutolo linatheratu. Mvula ikagwa yamphamvu majumbo amabwerabe, ndipo Overton amatseka mpaka madzi atayera. Masiku oterowo amathandiza Mabel kuyanika usipa pathandala, osadandaula. Anthu anazolowera, moti ambiri amayamba aimba foni asanatsike phiri.

"A Mhango, lero kuli bwanji?"

"Kuli makora chomene, madzi ayera. Mchenga ukuoneka pansi. Fikani."