Timabowo Tomata ndi Kandulo

Ku Zalewa kuno, ukwati wopanda Ezekiele ndi msonkhano chabe. Anayamba ndi kugulitsa makaseti pamsika, lero ndi mwini zoimbira: masipika awiri, ampu ndi jenereta. Zonsezi amazimangirira pa njinga yamoto mpaka iye mwini osaonekanso. Ndakhala naye moyandikana nthawi yaitali, ndipo munthuyu amakonda zatsopano ngati mwana.

Mlongo wake Kettie atamutumizira ampu yatsopano kuchokera ku Joni, sitinapume. Ankatiitana mmodzimmodzi kudzamva nyimbo zikuchoka mufoni popanda waya. Atatembenuza ampuyo, anapeza kumbuyo kuli timabowo tofiira ndi toyera, tolumikizira mawayilesi akale.

"Zamakedzanazi n'zachiyaninso?" anatero akuseka. "Awa ndi makomo a mphemvu basi."

Poti mphemvu zinamuphera kale ampu ina, anayatsa kandulo n'kudonthezera phula m'timabowo tonse, thoo.

Loweruka lina ndinamuperekeza ku Dambe, ku ukwati wa mtsikana wina dzina lake Stelia. Zinthu zinali m'chimake, fumbi koboo! Itakwana nthawi yoti akwati alowe m'bwalo, mayi a mkwatibwi, a Dorica, anatulukira atakulunga wayilesi yakaseti m'chitenje.

"Achimwene, mwanayu alowa ndi nyimbo iyi. Woimba m'menemu ndi malemu bambo ake, anajambula iye ali wamng'ono. Akuti popanda imeneyi satuluka m'nyumba."

Ezekiele anayandikiza maikolofoni pa wayilesiyo, masipika anangoti kwiii, anthu n'kutseka makutu. Njira inatsala imodzi yokha, waya wa mitu yofiira ndi yoyera, amene mphunzitsi wina anathamanga kukatenga kunyumba kwake. Koma wayayo alowa pati?

Ine ndinaseka mpaka misozi. Ezekiele, ndi jekete lake lonyezimira, anagwada m'fumbi, anabwereka pini kwa mayi wina n'kuyamba kutokosa timabowo tija ngati akuchotsa matekenya, thukuta kamukamu. Azimayi anamuzungulira akuimba kuti anthu asabalalike, ena akumulangiza ngati anagwirapo ampu chibadwire. Phula linatuluka pang'onopang'ono, mpaka waya analowa.

Poyamba kunamveka kusokosera kokha. Kenako gitala, kenako mawu okhuthala a mwamuna anadzaza bwalo lonse. Nthungululu zake! Akuluakulu amene ankawadziwa malemuwo anadzambatuka, ena atagwira pakamwa. Stelia anatuluka akuvina, velo ikuuluka, mkwati akuvutika kumutsatira.

Pakati pa nyimbo gitala inaima. M'masipika munamveka kamwana kakuseka, ndipo mawu aja anati, "Iwe Stelia, siya wayilesiyo. Bwera, khala apa pafupi ndi ine."

Mkwatibwi anaima pomwepo. Anatembenuka, analunjika pa sipika, n'kukhala pansi m'fumbi ndi diresi lake loyera, atatsamiritsa mutu pamenepo. Palibe amene anamudzutsa.