Madzi a Injini ndi Madzi a Apongozi

Ndikulemba izi nditakhala pafupi ndi khomo, chifukwa m'mimba mwanga simunakhazikike. Wandionetsa zimenezi ndi Tomasi, mwana wa mlongo wanga, amene akumaliza sukulu ku mishoni.

Mwezi wathawu aphunzitsi ake anamutumiza ku Chiromo kuti akaone ntchito pamalo osefera madzi a kampani ya njanji. Sanakagwire kanthu, ankangoyenda pambuyo pa kapitawo n'kumapenya. Pampu imakoka madzi mumtsinje n'kuwathira m'thanki, kapitawo amaponyamo mwala woyera wotchedwa alamu, matope onse n'kugona pansi. Kenako madziwo amadutsa mumchenga n'kutuluka ali mbee. Anamuonetsanso zonyansa zotsalira pansi pa thankiyo, ndipo chionereni zimenezo mwanayu sakumwanso madzi mwamtendere.

Loweruka ndinamuperekeza kwa Maseya kuti akaonekere kwa makolo a Esitere, mtsikana amene akufuna kumukwatira. Dzuwa la kuno mukulidziwa, tinafika kukhosi kuli gwa. Atatiyalira mphasa, Esitere anabwera ndi chikho cha madzi n'kugwada pamaso pa Tomasi.

Mnyamata uja analandira chikhocho, n'kuchipendeketsa kudzuwa, n'kuyamba kusuzumiramo ngati wagwetsamo singano.

"Mwatunga kuti madziwa?" anafunsa.

"Ku Shire," anayankha Esitere chamanyazi.

"Ndiye kuti sanasefedwe. Muli tizilombo umu."

Ndinamutsina pantchafu, koma iye anayesa ndikumulimbikitsa. Anayamba kufotokoza za mchenga ndi alamu, mwana wa eni ake ali chigwadire. Amayi a Esitere anakhala chapatali akusankha thonje, ndipo analankhula ndi ine monga mwa ulemu wake.

"Amalume ake, madzi oyerawo amamwa ndani?"

Tomasi anandilanda yankho. "Azungu a kumeneko, amayi, ndi injini ya sitima. Matope amaiwononga m'kati."

"Basi akafunsire injiniyo," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Wangayu anakulira matope omwewa."

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Ndinaona ukwati ukutha ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinalanda chikho chija n'kugugudiza chonse, ndi kamchenga kapansi komwe, n'kuthokoza m'Chisena chawo kuti takhuta. Ndinapemphanso china kuti aone kuti mtundu wathu sunyoza pakhomo pa anthu. Tizilombo ta Tomasi tinandipeza tisanafike kwathu.

Tsono ndikufunseni, owerenga anga, wolakwa ndani? Kwathu kuno ukakana madzi amene akupatsa atagwada, wauza eni nyumba kuti ndi auve kapena akufuna kukudyetsa mankhwala. Tomasi akudziwa zimenezi, sanabadwire m'thanki. Ana athu akangoona chinthu chatsopano amabwera nacho pamphumi, mpaka kuiwala kuti choonadi nachonso chimafunika kuodira chisanalowe m'nyumba ya munthu.

Komabe sindingamutsutse, mimba yanga ndi mboni yake. Chimene chikundipweteka mtima ndi funso la mayi aja. Mtsinje ndi wathu, otunga ndife, oika ana m'manda nyengo ya dzinja ndifenso. Nanga zinatheka bwanji kuti woyamba kumumvera chisoni pa nkhani ya matope akhale injini? Kodi chitsulo chimatsegula m'mimba? Ngati mchenga wamba ungayeretse madzi, ndipo mchengawo tikuuponda tsiku lililonse, chikuletsa n'chiyani kuti luso limeneli lituluke kumpanda wa njanji lifike kumitsuko yathu?

Dzulo kwabwera uthenga wochokera kwa Maseya. Ukwati ulipo, koma Tomasi abwerere akamwe chikho chomwe chija anthu onse akuona. Wakhala akuzungulira pakhomo panga ndi nkhope ya maliro, akuti ndimuuze chochita.

Ndamuuza kuti apite akamwe, m'mimba mumapola koma Esitere sadikira. Akadzalowa m'banjamo adzawaphunzitse kusefa pang'onopang'ono, ngati mkamwini waulemu. Pakali pano ndamusungira malo pamphasa panga, pafupi ndi khomo.