Kalata ya Amayi Okha

Sikisi koloko m'mawa inamupeza Mainess Njobvu ali kale pamzere wa pampopi, zigubu ziwiri zili kumapazi kwake, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa fumbi la m'komboni ya Mtendere ku Lusaka. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono ngati akuchita kupemphedwa. Mayi wina wogulitsa vitumbuwa, amene anali kumbuyo kwake, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kakhadi ka kukiliniki.

"Bamake Dyness, nioneleniko apa. Banilembela kubwelela liti?"

Mainess anakalandira, n'kukatalikitsa mpaka mkono unathera, kenako anakapinda bwinobwino.

"Sikunayere bwino. Ndipite nako, mudzatenge masana."

Umu ndi mmene zinkayendera chaka chimenecho cha 1993. M'nyumba zonse zozungulira mpopiwo, aliyense ankadziwa kuti pepala likavuta upite kwa amake Dyness. Makalata a kumudzi, malipoti a ana a sukulu, mapepala a mankhwala, zonse zinkathera pakhonde pake. Palibe amene ankalipira, ndipo palibe amene ankaiona ngati ntchito. Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti kuyambira nthawi ya mvula maso a Mainess anali atakana zapafupi. Munthu wochokera kumsika ankamuzindikira adakali patali, koma zilembo ndi bowo la singano zinkasanduka utsi.

Wodziwa anali mmodzi yekha, mwamuna wake, a Whyson. Chiwapurunireni kukampani, kuwachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri, iwo ankaswera pampando pansi pa mpapaya, akuwerenga nyuzipepala zakale zimene anthu anakulungira tinsomba ta kapenta. Mainess akalowa ndi pepala la mwini ankangoliika patebulo. A Whyson ankaliwerenga motsitsa mawu ngati akudziwerengera okha, iye n'kusunga m'mutu. M'mawa uliwonse Mainess ankapezanso ulusi uli kale m'singano ya makina, ndi singano zina zisanu zam'manja zitabayidwa pakansalu, iliyonse ndi ulusi wake. Awiriwo sanaikambepo nkhaniyi.

Mainess anabadwira ku Katete. Kusukulu ya mishoni anafika sitandade sikisi, ndipo kusoka anaphunzira konko kwa mkazi wa abusa. Anabwera ku Lusaka ali ndi zaka makumi awiri, atasenza makina opukusa ndi dzanja pamutu kuchokera pokwerera basi. Makinawo anasoka mayunifolomu a theka la Mtendere, madiresi aukwati, masuti a chitenje, ndipo analera ana atatu. Aamuna awiri anapita ku Kitwe. Wamkazi, Dyness, anakwatiwa chaka chapitacho ndi mphunzitsi wina, Lazarous, ku Petauke.

Kenako kunabwera salaula, zovala zakale zochokera kunja. Munthu wosowa ufa sangagule nsalu ndi kulipiranso telala pamene diresi losokasoka lili pamulu m'mbali mwa msewu. Ntchito ya Mainess inatsala yochepetsa ndi kupinda zovala za azungu osawadziwa. Ndipo ntchito imeneyo inkachokera pakamwa pa munthu mmodzi, Hilda Chisala, mayi wa ku Mufulira wa nyumba yoyang'anizana nayo, amene anthu ankamutcha bana Mwaba. Hilda ankatsegula belo la salaula Loweruka lililonse, ndipo aliyense wogula chomukulira ankamulozera kutsidya kwa msewu: "Pelekani kuli bamake Dyness, bazakuchepeselani." Kumsika kunali telala wina, a Jameson, wa makina opalasa ndi maso akuthwa. Mainess ankadziwa kuti tsiku limene Hilda adzamve za maso ake, chala chija chidzaloza kumsika. Komanso pakamwa pa Hilda sipankagona nkhani.

Kalata inafika sabata yoyamba ya Ogasiti yemweyo, kudzera kubokosi la tchalitchi. A Whyson anayang'ana envulopu, anaitembenuza, n'kuiika pamakina.

"Ya Dyness. Apa alemba kuti kwa amayi okha."

Anatuluka kukakhala pansi pa mpapaya wawo. Onse awiri anadziwa tanthauzo lake. Mwana wamkazi akaima, nkhaniyo sapita nayo kwa atate ake; bambo amamva mwana atalira kale. Ndipo pa mimba yoyamba mayi ake amayenera kukhalapo, kumulangiza, kumuchapira, kusambitsa khandalo mpaka mchombo utagwa.

Munali masamba awiri a m'kope, olembedwa mbali zonse ndi pensulo, tizilembo tothithikana ngati nyerere. Mainess anapita nayo kuseri kwa nyumba dzuwa lili paliwombo. Anaitalikitsa, anatsinzina diso limodzi, anayesa kuyang'anira m'tambula ya madzi. Anangozindikira mawu oyamba okha, chifukwa kalata iliyonse imayamba chimodzimodzi. Anaipinda n'kuiika pachifuwa, ndipo m'menemo inakhala.

Lachinayi kumsonkhano wa amayi akutchalitchi anamupempha kuwerenga mawu monga mwa masiku onse. Anaimirira, buku lili chotsegula, nanena ndime yonse pamtima, akuyendetsa chala pamizere imene sankaiona. Amayi anavomera ndi mitu. Iye anakhala pansi, pepala lija likumukanda pakhungu.

Sabata yachiwiri kunabwera Virginia, mtsikana wogwira ntchito m'sitolo m'tauni, ndi chitenje chatsopano. Ankafuna diresi la ku kitcheni pate, phwando lolangizira mkwatibwi, la mapewa otukuka ngati la mayi wowerenga nkhani pa TV. M'dera lonselo TV inali kwa Hilda yekha, yakuda ndi yoyera, yokhala pakabati itafunditsidwa kansalu koluka. Nthawi ya nkhani ikakwana anthu ankadzaza pansi mpaka pakhomo. Madzulo a tsikulo Mainess anapita kukaona diresilo, nakhala kumbuyo, kumene maso ake ankagwira bwino.

"Ni ya gilini iyo," anatero Virginia.

"Gilini kuti? Ni maruni!" anayankha Hilda. "Ine nimaziba vovala, nimagona pa belo."

"Imwe bana Mwaba, TV yanu ilibe na kala, maruni mwaiona na maso ya kumutima?"

"Gula yako ya kala, tizabwela kutamba kwanu. Na nyumba ulibe!"

Anthu anaseka. Mainess sanaseke, ankajambula ndi chala pabondo mmene mkono wa diresi unakhalira, pamene unatukuka ndi pamene unapanikiza. Nkhani zitatha panabwera zidziwitso za maliro, ndipo Hilda ankaziwerenga mokweza, mofulumira, asanayambe n'komwe wolengeza. Mainess anamvetsera. Mayiyu ankawerenga bwino ndithu. Koma pa dzina lililonse ankawonjezapo zake: uyu anasiya akazi awiri, uyu anadwala kalekale, achibale ankabisa chabe.

Anthu atatuluka anasiya makoko a nshawa pansi ponse ndi mphasa itakwinyika. Palibe anacheuka. Mainess anatenga tsache kuseri kwa chitseko, Hilda n'kukunga mphasa, ndipo anasesa awiriwo. Kalata inali pomwepo pachifuwa. Anafika poigwira, koma anangoti, "Mugone bwino," n'kuwoloka msewu.

Diresi la Virginia linatuluka bwino, chifukwa kudula ndi kusoka manja ake ankadziwa okha. Chinavuta ndi siketi ya buluu ya m'belo la Hilda, yofunika kuchepetsa m'chiuno. Misoko ya kunja ndi yaing'ono, ulusi wofanana ndi nsalu. Pomasula, lezala inaphonya n'kudya nsalu kutsogolo kwenikweni. Mainess anakhala nayo pamiyendo nthawi yaitali. Kenako anadula kansalu kumpendero, nasokapo kathumba kubisa balalo.

Hilda anaitambasula, n'kuyang'ana kathumbako.

"Aka ka poketi kanabwela na belo?"

"Ndaikapo ine. Atsikana amakonda."

Hilda anapisa chala m'kathumba, anakhudza pamene panang'ambika, nayang'ana Mainess kumaso. Mainess anadikira chipongwe. Koma Hilda anangopinda siketiyo.

"Yawama," anatero, basi.

Sabata yachitatu zipi ndi ulusi zinatha, ndipo Mainess ananyamuka kupita ku Kamwala. Mtengo wa minibasi unali utakweranso, choncho anayenda wapansi mpaka ku Kalingalinga n'kukwerera kumeneko, atapanikizana anthu asanu pampando wa atatu. Atagula zake m'sitolo ya mmwenye, anaona panja bambo wina atayala magalasi pathireyi, akale, ena omangidwa ndi waya.

"Yesani mami, kuyesa ni mahala!"

Oyamba anamuzunguza mutu. Achiwiri sanasinthe kanthu. Achitatu, a mafelemu akuda achimuna, atangowavala anaona mizere ya m'manja mwake, ndi kabala ka lezala pachala kamene sankadziwa kuti kalipo. Anatembenukira kukhoma, natulutsa kalata ija.

Zilembo zinaima chilili. Dyness anapereka moni, anafunsa za atate ake. Kenako: "Amayi, tinasamuka. A Lazarous anawatumiza kusukulu ina yakumudzi, ndiye musakatsike pa Petauke, ndalongosola kumapetoku. Masiku anga ndi kutha kwa mwezi uno. Anamwino atandiyeza anena kuti mwana..."

Dzanja linabwera n'kuchotsa magalasi pamphuno pake.

"Mami, apa si pa laibulale. Mugula olo simugula?"

"Ndimalizeko tsamba ili lokha, bambo."

"Bonse bamakamba so. Wina anabwela na nyuzipepala yonse, anafika na ku bola. Gulani, mukabelengele kunyumba."

Mtengo umene anatchula unali wa thumba la ufa. Mainess anayang'ana pepala, ndipo linali labwerera kukhala utsi. Anaganiza zopempha mlendo aliyense wodutsa, koma kunali amuna okhaokha onyamula makatoni, ndipo zam'thupi mwa mwana wake sakanaziyala pamsewu wa Kamwala. M'minibasi pobwerera mawu aja ankangomuzungulira. Anena kuti mwana watani? Wakhala mopingasa? Ndi awiri? Ndipo atsike pati?

Masiku otsatira anagwira ntchito ngati kale. Anatunga madzi, anachapa, anakoleza mbaula, anapereka kwa eni ake mayankho a mapepala awo. Ntchito za anthu zikatha ankatseka chitseko n'kusoka tizovala ting'onoting'ono ndi matewera kuchokera ku zidutswa za flanelo, n'kubisa pansi pa sutikesi, pakuti zovala za mwana wosabadwa sazionetsa. A Whyson ankapeza ulusi woyera ukutha msanga, osafunsa. Tsiku lina, maso ali panyuzipepala, anati:

"Amake Dyness, ngati kuli ulendo, madzi ndizitunga ndekha. Azimayi andiseke, sindifa nazo."

"Ndamva, atate ake Dyness."

"Wailesi yathu ndapeza woigula, ndalama ya ulendo ipezeka. Basi ya kum'mawa imanyamuka m'mamawa."

Mainess anawayang'ana. Zikanakhala zapafupi kuwapatsa kalatayo, iwo akanaiwerenga motsitsa mawu monga mwa masiku onse. Koma Dyness analemba yekha pa envulopu, ndipo akanadzamva kuti atate ake anawerenga zimene anamwino anapeza, sakanathanso kuwayang'ana kumaso. Amayi akutchalitchi odziwa kuwerenga anali omwe aja amene iye ankawaimirira kutsogolo ndi buku lotsegula. Anawerenga masiku pa zala. Mwezi unatsala ndi masiku asanu.

Anaganiza za makina ake, mmene adzakhalire chete ntchito ikapita kwa a Jameson. Anaganiza za khonde lake lopanda anthu obwera ndi mapepala. Kenako anaganiza za Dyness ali kumudzi kwa eni, akuyang'ana kumsewu basi iliyonse ikadutsa, akudabwa kuti amayi ake, owerengera anthu onse makalata, alekeranji kuyankha yake.

Masana amenewo anafunditsa makina, anamanga chitenje bwino, nawoloka msewu. Hilda anali kuseri, akusita malaya a m'belo ndi simbi ya makala, akuuzira phulusa.

"Odi, bana Mwaba."

"Ah, bamake Dyness! Lelo mwabwela chabe na manja? Ma buluku yanga yali kuti?"

"Mawa. Muli nokha?"

Hilda anaimika simbi pamwala. Anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, napukuta manja, n'kukankha mpando ndi phazi.

"Nili neka. Nkhalani."

Mainess sanakhale. Anapisa dzanja pachifuwa, natulutsa kalata ija, yofewa tsopano ndi thukuta la milungu itatu, m'mopinda mutayamba kung'ambika. Anaigwira ndi manja awiri monga mmene anthu ankamupatsira iye mapepala awo.

"Maso anga anatha, bana Mwaba. Zapafupi sindiona, kuyambira nthawi ya mvula. Za ntchito mudzaona nokha mmene mungachitire. Koma iyi ndi ya Dyness, ali ndi pakati, masiku akwana. Ndiwerengereniko. Muyambire tsamba loyamba pamene alemba za anamwino, pang'onopang'ono, ndipo musadumphe kanthu ngakhale pakhale poipa."