Kiyi wa galimoto amene tinakwirira ku Mkanda

Amene anayamba kundiuza ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga woyamba. Anandipeza kuseri kwa nyumba ya siwa ndikutsuka mbale ndi amayi anzanga a kumpingo, anthu atangobwerera kumene kuchokera kumanda. Anagwada pafupi nane n'kundinong'oneza.

"Amayi, kiyi wa galimoto sakuoneka."

"Sakuoneka bwanji? Si ali ndi amuna anu?"

"Ayi, anatenga amalume m'mawa muja. Pano akuti sakudziwa komwe ali."

Galimoto imeneyo ndiyo munda wathu waukulu. Mwana wangayo anavutika zaka zambiri pa esiteti ya fodya mpaka anagula galimoto yakale, yaing'ono, yonyamulira anthu kuchokera pa boma kupita ku Mkanda ndi kumalire. Ndi imene imadyetsa ana ake, imalipirira mlongo wake kusekondale, ndipo nane mankhwala anga a shuga amachokera momwemo. Ikagona tsiku limodzi, tonse timamva. Ndiye inabwera ndi kiyi mmodzi yekha, wakuda, wa mabatani.

Maliro anali a msuweni wathu, ndipo ankayendetsa zonse ndi achimwene anga, amalume ake a mwanayo. Kwathu kuno, pamaliro chinthu sichikhala ndi mwini. Ngolo, njinga, mipando, mapoto, zonse zimapita. Iwo atati, "Mphwanga, bweretsa kiyi, anyamata akatenge bokosi," akanakana bwanji amalume ake pamaso pa anthu? Anapereka. Bokosi litabwera, kiyi sanabwerere kwa mwini wake. Achimwene anamuika m'thumba la malaya, la pachifuwa, ngati galimotoyo ndi yawo.

Tinafuna paliponse. Tinakutumula mphasa, tinasesa m'chisakasa, azibambo anatsata njira yonse ya kumanda maso ali pansi. Kenaka mmodzi wa adzukulu, amene anakumba manda aja, anayankhula akuloza achimwene.

"Nthawi yotsitsa bokosi ija, akuluwa anawerama kutilozera poika mutu. Ndinamva kanthu kuti go pabokosi. Ndimayesa ndi mwala."

Ndani angafukule manda a munthu amene wagona lero lomwe chifukwa cha kiyi? Ngakhale ine sindikanalola. Mwana wanga anangokhala pansi, manja kumutu.

Galimoto tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango pakhomo la anamfedwa, ife n'kubwerera kwathu pa kabaza ngati anthu opanda kanthu.

Ine ndi sukulu yanga ya pulayimale ndinkati kiyi ndi kiyi. Wa loko ya panyumba akatayika, umapita kumsika, amakusulira wina, wabwerako. Nayenso makaniko wa pa boma anatilimbitsa mtima. Anamasula loko ya chitseko cha galimoto, n'kukasulitsa kiyi wachitsulo. Tinalipira. Chitseko chinatsegukadi, koma injini osalira ngakhale pang'ono. Apa m'pamene akutiuza kuti galimoto za mtundu umenewu zimafuna kiyi wokhala ndi kachipangizo mkati, koti galimoto izimuzindikira. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, zimenezi mwazidziwa liti, musanalandire ndalama kapena mutalandira?"

Wina anatipatsa nambala ya munthu wa ku Chipata, akuti ndi katswiri, komanso wotchipa. Pafoni ankayankhula mokoma zedi, Chinyanja chake chija, "Musavutike amai, mailo nibwela." Anati timutumizire ya thiransipoti ndi yogulira kiyiyo. Tinatumiza. Mawa lakelo silinafike mpaka lero, ndipo foni yake inasiya kupezeka. Ndimamupempherera, inde, koma Mulungu akudziwa kuti pemphero lake limatuluka movutikira.

Masiku akupita, galimoto ili pansi pa mango, nkhuku zikuikira kunsi kwake. Makasitomala a mwana wanga anayamba kukwera za anzake. Mlongo wake anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinamanga chitenje n'kupita kwa achimwene.

"Achimwene, mwana uja wagwira njakata. Thandizaniko, ngakhale theka."

"Iwe mlongo wanga, wayamba liti kulipiritsa za pamaliro? Poto akasweka pamaliro timalipiritsa?"

"Poto ndi galimoto n'zofanana?"

"Kiyiyo ndinadya ine? Wapita ndi malemu. Mwanayo anathandiza m'bale wake, Mulungu adzamubwezera."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa zonse. Kutchula Mulungu pofuna kuzemba! Mwambo wothandizana pamaliro ndimaulemekeza, unandithandiza ineyo pomwe bambo a ana anga anatisiya. Koma mwambowo sunena kuti munthu azisunga kiyi wa eni ake m'thumba losatseka, n'kumawerama naye pamanda. Akanangoti pepa, mtima wanga ukanatsika. Ngakhale pepayo sanamutchule.

Mapeto ake tinaitanitsa munthu wa ku Lilongwe. Mtengo umene anatchula, mpongozi wanga anachita kufunsa kawiri, kuyesa kuti sanamve bwino. Pamwamba pake, mafuta a galimoto yake pobwera ndi pobwerera anali athu. Mwana wanga analibenso pogwira. Ndinatsegula chipinda changa n'kutulutsa mtedza umene ndinasungira mbewu, ndi mbuzi yanga yaikazi yomwe. Mavenda ataona kuti tapanikizika anagula pa mtengo wawo, sikelo yawonso yokayikitsa.

Munthuyo anafika ndi kachikwama, analumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero, n'kumadinadina. Mpongozi wanga anateleka madzi a tiyi kuti mlendo amweko. Madziwo asanawire, injini inalira. Ndinaimba nthungululu, misozi ikutsika, ndikuthokoza Mulungu. Koma mkwiyo unalinso pomwepo. Mtedza wolima ndi msana wanga dzinja lonse, kuthera pa ntchito yosafika n'powiritsa madzi! Titapempha kuti atipangirenso wina wosunga, anaseka n'kutchula mtengo winanso. Tinangomuthokoza, n'kumuperekeza.

Sindikuiwala anthu abwino. Anamfedwa aja anatilondera galimoto masiku onsewo osapempha kanthu, ndipo palibe ngakhale galasi limene linasowa. Amayi a kumpingo anandisonkhera ufa ndi sopo. Ambuye awadalitse.

Lero galimoto ikuyenda, mtsikana wabwerera kusukulu. Koma mitambo yayamba kusonkhana cha ku Kachebere, mizere ndinaunga kale, ndipo mbewu yoti ndibzale ndilibe. Mwana wanga walumbira kuti galimoto yake sidzapitanso pamaliro a munthu aliyense, ndipo abale ayamba kale kumunena kuti chuma chamulowa m'mutu. Ine ndi achimwene timangopatsana moni wa pamsewu. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutitchuleko ife a banja lino, kuti mbewu ipezeke mvula isanapitirire, ndiponso kuti mtima wanga ufewe, chifukwa pandekha ndalephera.